Manja Opanda Kanthu

Ku Potosí dzuwa limatuluka lozizira.
Phiri lathu lofiira ladyeka m'kati
ngati chimanga cha anankafumbwe,
ndipo anankafumbwewo ndife,
tinyali pachipumi, masamba a koka m'tsaya.

Pakhomo la mgodi pali mtanda.
Akuluakulu amati Mulungu amalekezera pomwepo.
Ukapitirira, mwini wake ndi wina:
Tío, fano la dongo la nyanga ziwiri,
kukamwa kuli yasa, kudikira ndudu.
Bambo anga ankamuthirira mowa Lachisanu lililonse.
Chifuwa chinawatengabe tsitsi lisanachite imvi.
Inenso ndinathira, zaka khumi ndi zitatu,
osati pomukonda ayi.

Tsiku limene ndinasiya sindinauze munthu.
Gregoria anali atasokerera kamtanda ka ulusi
kuseri kwa kolala ya malaya anga,
ine n'kungodutsa, manja opanda kanthu.
Ndisaname, mawondo ankagundana.
Msana wonse unkamva maso agalasi aja
akundiperekeza mpaka pokhota njanji.

"Anacleto, utiphetsa iwe,"
anatero Fermín, nalavulira pambali.
Pa nthawi yopuma anzanga ankakhala uko,
ine kuno, ndi chipewa changa.
Usiku ndinkalota denga likutsika,
pang'onopang'ono, mwaulemu,
mpaka kundikhudza mphuno.

Lachitatu lina mu Ogasiti
phiri linatsokomola.
Fumbi linameza nyali zonse.
Tinathawa chokwawa, chopunthwa, wina akuitana amake,
ndipo pamphambano tinawerengana:
asanu ndi mmodzi.
M'mawa tinalowa asanu ndi awiri.

Wilmer, wokankha ngolo,
ndevu zisanamere n'komwe,
mwana wa Fermín.

Palibe anandiyang'ana, koma onse ankandiona.
Timiyala tinali tikugwabe, waa, waa,
ngati mpunga wotayika m'thumba.
Mapemphero onse a kutchalitchi anandithawa.
Ndinangoti: Inu amene munagona m'thanthwe,
mwala utatseka pakhomo,
mdima uwu si wachilendo kwa Inu.
Tiyeni.

Mantha sanatsale.
Anakwawa nane phewa ndi phewa,
akundinong'oneza mayina a ana anga
mmodzimmodzi, kuyambira wamng'ono.
Koma mumpata muja, mopanikiza chotero,
momwe munthu mmodzi amachita kudzikoka ndi zigongono,
tinali atatu.

Kenaka ngo, ngo, ngo,
mwala pa paipi ya mpweya.
Ndinamupeza mwendo uli pansi pa thabwa,
maso okha akuwala m'fumbi.
Ndinakumba ndi zala mpaka zikhadabo ziwiri kutsala komweko.
Kumbuyo kwanga kunabwera kupuma kwa munthu,
ndi fosholo.
Fermín sananene kanthu. Inenso.
Tinakumba.

Potuluka tinadutsa pa fano paja,
mwana ali pakati pathu, wolemera ngati thumba la miyala.
Ndudu inali itazima m'kamwa mwake.
Kwa nthawi yoyamba ndinaliyang'anitsitsa,
ndipo ndinaona mng'alu pakhosi pake,
ndi chidindo cha chala cha munthu amene analiumba.

Lero Wilmer amatsimphina,
amagulitsa mabatire pamsika wa anthu a mumgodi.
Ena akuti phiri linakwiya chifukwa cha ine.
Gregoria akuti ayi, mitengo yochirikiza denga inali yofumbwa,
ndipo anauza kale aliyense wofuna kumva.
Sinditsutsana nawo.
Fermín amathirabe mowa wake Lachisanu,
koma nthawi yopuma ikakwana
amasendera pang'ono, kundisiyira pokhala.

Mawa ndilowanso.
Mawondo adzagundana, ndikudziwa, ndi anga.
Ndidzagwira kolala, ndidzawerama pakhomo,
ndipo mtanda uja ndidzaudutsa
monga munthu adutsa chikwangwani cha panjira,
mwini dzina lolembedwapo
atatsogola kale m'kati.